Anandifunsa Tsiku Limene Ndimamwa

Abale ndi alongo, ine sindinali chidakwa chogona m'ngalande. Ndinkagulitsa nsomba zouma za ku nyanja ya Chiuta pa siteshoni ya Nayuchi, ana ndinkawadyetsa, kutchalitchi ndinkabwera. Koma ndinkamwa.

Amuna anga anawoloka kupita ku Mozambique kukafuna ntchito, osabwereranso. Sitima yochokera kumeneko ikafika ndinkasiya dengu n'kumayang'ana nkhope za anthu otsika. Ikachoka, miyendo inkanditengera kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa msika. Ndinkati ndikungoziziritsa mtima. Kwaya ndinasiya, poopa kuti anzanga amva fungo.

Tsiku lina mutu unandiwawa mpaka m'maso kuchita mdima. Kuchipatala anamwino atandiyeza anati magazi akuthamanga kwambiri. Kenako anapempha kuti andifunseko za mowa. Ndinayembekeza kukalipiridwa, bodza lili kale pakamwa. Koma iwo anasendeza mpando n'kufunsa mofatsa kuti ndimamwa kangati, wochuluka bwanji.

"Nanga mayi, ndi tsiku liti limene mumaufuna kwambiri?"

"Tsiku la sitima," ndinayankha, misozi ili chuchuchu.

Sanandinyoze, iyayi. Anandiuza mosabisa zimene kachasu akuchita m'thupi mwanga, n'kundifunsa chimene ineyo ndingakwanitse. Ndinati kusiyiratu ndikuopa, koma sitima ikachoka ndikhoza kumapita kwa achemwali anga m'malo mwa kuseri kuja. Anati tiyambire pomwepo, ndidzabwerenso tidzaone. Panja odwala anali pamzere, choncho sitinachedwe.

Sizinangoyenda bwino. Ndinagwapo, n'kubwerera kwa anamwino aja mutu uli pansi. Iwo anangoti tiyambirenso. Achemwali ankandikhazika pakhonde, tikutongola chimanga ndi kupemphera, mpaka ludzu lija linayamba kuchepa. Pano ndinasiya.

Amuna anga mpaka lero sanabwere. Ndimawasowa. Ndimalakalaka atamva mwana wathu wamkazi akuwerenga Baibulo, ataona denga limene ndinafolera ndekha. Ambuye sanandichotsere kuwasowa kumeneku. Anangondipatsa mphamvu zokusenza ndili bwinobwino, ana akuona nkhope ya mayi wawo.

Ulemu upite kwa Mulungu, amene anandilankhula kudzera mwa munthu wotopa ndi odwala, m'kamphindi kochepa chabe.

Inu amene mukumwera chisoni mwakachetechete, wina akakufunsani musabise. Ngati palibe wokufunsani, tikatuluka muno mundipeze pakhomo. Ndikufunsani ine.