Anasinthitsa Kuponi ndi Khobidi la Siliva

Aulutsi, ndiwerengereni iyi anthu amve. Ndine mayi wa ku Chamama.

Titalandira kuponi ya feteleza, amuna anga anapita nayo ku boma. Anabwerako opanda thumba, atanyamula khobidi limodzi limene venda wina anawasinthitsa ndi kuponiyo.

"Mayi a ana, uyu ndi siliva weniweni, anasulira kukumbukira ufulu wa dziko," anatero monyada. "Taonani, uku tambala, uku ngala za chimanga. Azungu amagula mamiliyoni."

Wasitolo wa kwathu atayandikiza maginito, khobidilo linakakamira ngati msomali. Anaseka, nati siliva satero.

Munthu wamkulu, wandevu zake, ndithu! Fodya wathu wachita chikasu, chimanga chapinimbira m'mawondo. Omvera anzanga, kuponi muzisunga nokha. Ngala zokhwima pakhomo pathu chaka chino ndi za pakhobidi zija. Akazikazinge adye.