Bambo Pandolfi Sanadzukemo Mumchenga Wakuda

"Ine sandikwirira munthu. Ndimadzikwirira ndekha, n'kudzukamo ndekha." Anamfedwa ndi nonse mwabwera, mawu awa mwini wake mukumudziwa. Ndi awa agona m'bokosimu, bambo Valdemiro Pandolfi. Ine ndine Jurandir, mlamu wawo.

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1934 konkuno ku Guarapari, mwana wachinayi mwa ana asanu ndi awiri. Sukulu anayamba mu 1942 n'kulekezera kalasi yachitatu. Iwo ankati aphunzitsi ndiwo anatha zophunzitsa.

Mu 1950 analembedwa ntchito pa kampani yokumba mchenga wakuda wa kugombe kwathuku. Zaka makumi atatu akusenza matumba kupititsa m'sitima za akunja. Mabwana ankati ndi wongolemetsera sitima kuti isamayepeyepe. Malemu ankangoseka, amvekere ndani angawoloke nyanja yonseyi kudzagula mchenga ngati kwawo kulibe. Pambuyo pake zinamveka kuti mumchengamo muli toriyamu, amene akatswiri a nyukiliya amati angayatse magetsi dziko lonse. Kuyambira pamenepo malemu anasunga funso limodzi loti adzafunse akunjawo maso ndi maso: thukuta lawo lija linapita kuti, nanga magetsiwo adzafika liti kuno?

Pa 14 Juni 1958 anakwatira mlongo wanga, mayi Zulmira, m'tchalitchi chomwe chino. Mayiwa ndinawachenjeza, sanamve.

Nyamakazi itawagwira mu 1981, anayamba zimene odwala ambiri amachita kuno: m'mawa uliwonse kudzikwirira mumchenga uja mpaka pachifuwa, chipewa kumaso, poti amati umachiza. Madokotala ankapukusa mitu. Atatu mwa madokotalawo malemu anawaperekeza kumanda.

Dzulo Lachiwiri, pa 5 Ogasiti 2025, kunabwera akatswiri a ku India ndi ku Norway amene akukambirana ndi anzawo a kuno zogwirira ntchito limodzi pa toriyamu. Anali atapempha kuona nkhalamba ya zaka 91 yogona mumchengawu. Malemu anameta ndevu, analoweza funso lawo, n'kulawirira kukadzikwirira kuti alendo awapeze ali pantchito.

Alendo anafika cha m'ma 10 koloko. Anayeza mchenga ndi kamakina kawo kolira kuti te-te-te, anajambulitsa zithunzi atanjuta pambali pa chipewa chija, ndipo mkulu wawo analankhula mphindi makumi awiri kuyamikira thanzi la bamboyu. Tonse tinawomba m'manja. Ineyo ndiye ndinachita kuimba likhweru. Kenako ndinawagwedeza phewa kuti alamu, nthawi ya funso lanu ija yakwana. Mayi Zulmira ndiwo anavundukula chipewacho. Adokotala akuti mtima unali utaima kale alendo asanafike. Abale anga, tinawombera m'manja maliro!

Malemu asiya mayi Zulmira, ana anayi, Ivone, Gilmar, Neuza ndi Tadeu, zidzukulu khumi ndi chimodzi ndi zidzukulutudzi zisanu. Banja likuthokoza asodzi amene ananyamula thupi, amayi amene akutipatsa khofi chifikire, ndi alendo athu mwakhala kumbuyoko, poti munagwada n'kufukula nafe ndi manja anu. Funso lija mwalimva. Yankho mukalipeza, mayiwa alipo.

Alamu, kudzikwirira munadzikwiriradi nokha. Koma kufukula tinakufukulani ndife, ndipo lero tikukwirirani ndife, m'dothi lofiira lopanda toriyamu. Mzimu wanu uuse mumtendere.