Mawu Anga Anabwerera Chifukwa cha a Sajeni Mhango

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Bangwe ndi akutali omwe. Tsiku limene ndikufuna kukuuzani, pabalaza pa a Sajeni Mhango panali anthu awa: akazi awo mayi NyaGondwe, mkulu wa mpingo wathu a Chikopa, amfumu a dera lathu, mwana wanga Yohane, ndi ine Namakhwa. Eni nyumba anali kuchipinda atafunditsidwa nsalu. Anali atatisiya madzulo omwewo.

Ine ndine uja ndimalengeza maliro m'dera muno. Ntchitoyi ndinaiyamba tsitsi lili bii, ndipo chimkuzamawu sindinachigwirepo. Ndikaima pachulu cha kumpopi m'mamawa, ngakhale a kutsidya kwa mtsinje ankamva dzina la womwalira ndi mudzi wakwawo. Sukulu ndinalekera panjira, koma mawu Mulungu anandipatsa osayeza.

Ndiye kunabwera sitiroko. Ndinagwa ndikusamba. M'chipatala ndinatuluka miyendo ikuyenda, koma pakamwa patapotoka, lilime likulemera ngati njerwa. Ndikati ndipemphe madzi, adzukulu ankayang'anizana. Maliro anthu anayamba kumangouzana pafoni, nkhalamba zina n'kumamva mnzawo ataikidwa kale. Ndinadzitsekera m'nyumba. Pemphero langa linali limodzi, lamumtima: Ambuye, ngati mawu mwatenga, tengani ndi mwini wake yemwe.

A Sajeni kwawo kunali ku Rumphi. Anagwira usilikali, atapuma n'kukhala mphunzitsi wa ana aang'ono mpaka ukalamba. Kutchalitchi ankafika woyamba, nsapato zili phuliphuli. Sitinali pachinzake kwenikweni, iwo anali munthu wolankhula motsitsa, ine ndinu mukundidziwa. Koma m'mawa wina anagogoda pakhomo panga.

"A Namakhwa, valani nsapato. Perete yayamba."

Anandiimika chilili kuseri kwa nyumba, n'kuika dzanja lawo pamimba panga. Amvekere mawu a msilikali sachokera pakhosi, amachokera apa. Tinayamba ndi a, e, i, o, u, ngati mwana wa Sitandade 1, ine munthu wa imvi. Dovu likatuluka ankandipukuta ndi kansalu kawo ka m'thumba, osaonetsa nkhope yonyansidwa. Kenako anandipatsa mawu olamulira asilikali, kenako nyimbo za m'buku. Pomaliza ankapemphera iwo, koma Ameni anali wanga, ndipo ankandibwerezetsa mpaka mayi wogulitsa tomato kumsewu atatembenuka. Dzinja lonse linatha choncho, mvula kaya matope, iwo ali pakhomo ndi ambulera.

Kulankhula ndinayamba, koma pachulu sindinabwererepo. Ndinkaopa kuti mawu akandithera pakati anthu n'kundiseka.

Tsono tsiku lija pabalaza, amfumu anati uthenga utumizidwe pafoni. Mayi NyaGondwe anapukusa mutu.

"Bambo ankati ana onse amene anawaphunzitsa anakhoza. Watsala mmodzi amene sanalembe mayeso."

Onse anayang'ana ine.

Kutacha ndinavala jekete n'kukwera pachulu. Nditatsegula pakamwa kunatuluka kamawu kosasa, galu n'kuuwa. Ndinaika dzanja langa pamimba, n'kuti Yesu ndithandizeni, ndipo ndinakoka mpweya.

"Zachisoni m'dera muno! A Sajeni Mhango atisiya!"

Abale anga, zitseko zinatseguka. Ndinatsika n'kuzungulira dera lonse, kumsika, kuchigayo, mpaka pasiteji ya minibasi, ndikutchula dzina lawo, kwawo ku Rumphi, ndi nyumba ya siwa. Pamaliropo panadzaza. Kunabwera madala oyenda mowongoka amene anali nawo ku usilikali, kunabwera azibambo a mataye amene anawaphunzitsa kugwira pensulo. Ine ndinakhala pakati pawo, pakuti nanenso ndine wophunzira wawo, womaliza.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanamve pemphero langa lopempha imfa, koma ananditumizira msilikali. Inu amene mwagona ndi matenda, musatseke chitseko. Thandizo la Ambuye limabwera ndi miyendo ya munthu, mwina munthu amene simunamwe naye tiyi n'kamodzi komwe. A Sajeni akapume, ntchito anaigwira.

Tikuchokera kumanda, Yohane anandigwira pamkono n'kunena motsitsa:

"Ababa, m'mawa muja ndimakutsatirani pambuyo, kuti mukakanika ndimalize ndine. Koma pakamwa sindinatsegule."