Zimbale Zisanu ndi Ziwiri za Mayi Halo

Malemu amene tasonkhanira pano, alongo anga, amene ambiri a inu mumawadziwa kuti Mayi Halo, anabadwa pa 9 Malichi 1949 m'nyumba ya zipinda ziwiri ya antchito a njanji. Bambo athu ankaongolera sitima polowa ndi potuluka m'siteshoni, mayi athu ankasoka madiresi pakhonde. Malemu anali oyamba m'banja la ana asanu, ndipo ine ndaima panone ndine mzime. Abale andisankha kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo ndavomera msanga chifukwa ndili ndi mlandu ndi malemu, wa chimbale cha nyimbo chimene ndinawatayira. Mlanduwo ndiuulula ndikafika pamalo pake. Musandifulumize, pakuti malemu sankagwirizana ndi munthu wodumphadumpha.

Anayamba sukulu mu 1956 ndipo anamaliza sekondale mu 1966. M'kalasi sanali a nambala wani, zimenezo sindinama. Mphatso yawo inali m'makutu. Ali mwana ankadziwa woyendetsa sitima aliyense pongomva kaimbidwe kake ka huta, ndipo akati amene akubwerayo ndi uje, bambo ankasuzumira pawindo n'kupeza ndi yemweyo.

Mu 1968 analembedwa ntchito ku ofesi yolumikiza mafoni. Achinyamata simukuzidziwa izi. Kale ukafuna kuimbira munthu, unkayamba walankhula ndi mayi wa pa bolodi, iye n'kulowetsa chingwe pabowo loyenera. Chinali chipinda chachitali chonunkha fumbi la magetsi, amayi asanu ndi atatu atakhala pamzere, mahedifoni kumutu, timagetsi tikuthwanima kutsogolo kwawo. Munthu akangoti halo, malemu ankamutchula dzina asanadzitchule yekha. Ena ankachita mantha n'kuika foni pansi. Dzina la Mayi Halo linachokera kumeneko, ndipo ankalinyadira.

Pa 5 Ogasiti 1972 anakwatiwa ndi alamu anga, makaniko wa mabasi. Alamuwo ankaimba foni m'mawa uliwonse kuitanitsa zitsulo za mabasi, mpaka anayamba kuimba ngakhale zitsulo zilipo. Malemu ankanena poyera kuti anakonda mawu asanaone munthu, ndipo atamuona anati basi, ndasankha mawu, nkhopeyi tipirira. Alamu ankaseka kwambiri akamva zimenezi. Mulungu anawapatsa ana atatu.

Mu 1975 injiniya wina wokalamba amene ankakonza makina a ku ofesiko anapuma pantchito. Pochoka anawasiyira galamafoni ndi zimbale zitatu, akuti makutu ngati amenewa asamangomva madandaulo a anthu. Zimbalezo zinali za wopeka nyimbo wina wa ku Russia. Dzina lake ndilisiya, chifukwa nthawi zonse ndikalitchula malemu ankandikonza, ndipo lero palibe wondikonza. Nyimbozo zinalibe mawu, zida zokhazokha. Ife kunyumba tinadabwa kuti kodi oimbawo ayamba liti, koma malemu anakhala duu mpaka singano inafika kumapeto, kenako anatembenuza chimbale.

Kuyambira pamenepo anasonkhanitsa zimbale za munthu ameneyu yekha. Zina ankaitanitsa kudzera ku positi, zina ankatumiza anzawo opita kunja. Anali ndi masimfoni, ndiye nyimbo zazitali zoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida, ndiponso nyimbo za anthu anayi okha okhala ndi mavayolini. Ankati simfoni ili ngati bolodi Lolemba m'mawa, magetsi onse atayaka, aliyense akufuna kumveka, ndipo ntchito ya womvera ndi kutsata munthu mmodzi m'phokosomo osamutaya. Ankatinso m'masimfoni munthuyu amalankhula pagulu, ndiye amasamala, pena amaseka chonamizira, ndipo iwo chiseko chonamizira anachimva chambiri pafoni. Koma m'nyimbo za anayi amatseka chitseko n'kunena zimene zikumuwawa. Malemu ankakonda kwambiri za anayizo.

Lamlungu lililonse madzulo, ikakwana 3 koloko, pabalaza pawo panali lamulo. Singano ikatsika, palibe kulankhula, palibe kukoka mpando, ndipo chimbale sichichotsedwa chisanathe. Ana ankathawira panja. Alamu ankakumbukira mwadzidzidzi kuti pali njinga yofunika kukonza. Ine ndinkatsala chifukwa mpando wa pakona unali wofewa, ndipo ndinkagona tulo tabwino. Ndagona pampando umenewo zaka zoposa makumi anayi.

Mu 1994 makina odzilumikiza okha anafika, ndipo chipinda cha mabolodi chinatsekedwa. Malemu anasamutsidwira ku desiki ya madandaulo, kumene anagwira mpaka anapuma mu 1999. Pa zaka 31 za ntchito sanadulepo foni ya munthu, ngakhale wotukwana. Mu 2006 alamu anatisiya, ndipo malemu anatsala ndi mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, amene wakhala kutsogoloyu.

Pa 11 Ogasiti 2023 anagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno. Ali m'chipatala, adokotala anati akamatuluka afunika bedi la pabalaza, pafupi ndi khomo. Ntchito yopeza malo inagwera ine, ndipo apa ndi pamene pali mlandu uja. Ine ndagulitsa misomali moyo wanga wonse. Kwa ine bokosi likalembedwa kuti mainchesi anayi, zonse zili m'katimo n'zofanana. Nditatsegula kabati ndinapeza zimbale zisanu ndi ziwiri zomatidwa kapepala kofanana, kolembedwa ndi dzanja lawo kuti “Ya anayi, yachisoni.” Ndinapukusa mutu, ndinati achemwali ukalamba unawayamba kale, agula chinthu chimodzi kasanu ndi kawiri. Ndinasunga chatsopano chonyezimira. Zisanu ndi chimodzi zokalikakalika ndinampatsa ulere bambo wina wa ngolo wotola zinthu zakale, ndipo ndinabwerera kwathu ndikudziyamikira.

Anatuluka m'chipatala pa 20 Seputembala. Tsiku lomwelo anapempha chimbale chawo, ndipo ndinawapatsa chonyezimira chija monyadira. Anachiyang'ana, anafunsa zinazo, ine n'kufotokoza nzeru zanga zonse. Sanakalipe. Anandiuza mofatsa kuti nyimbo ndi imodzi koma oimba ndi osiyana, ndipo anthu anayi akasintha, nkhani yonse imasintha. Chimene ankafuna chinali chokalika kuposa zonse, chimodzi mwa zitatu zija anapatsidwa ndi injiniya mu 1975, chojambulidwa mu holo anthu ali momwemo. Ndicho ankamvera pamene bambo anamwalira, pamene mayi anamwalira, ndi pamene alamu anamwalira. Mawa lake ndinawaimbira foni kuti ndipepese. Nditangoti halo, anadula. Inu anthu, munthu amene sanadulepo woledzera anadula ine mlongo wake. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinalira m'sitolo makasitomala akuona.

Ndinamusaka wa ngolo uja mpaka ndinamupeza, koma madzi akatayika saoleka. Zimbale anali atagulitsa kale. Ndinayenda m'misika ya zinthu zakale miyezi iwiri n'kupezako ziwiri, ndipo zonse sizinali zimenezo. Vuto lina linali lakuti maina a oimba pachimbalecho analembedwa m'zilembo za kwawoko, ndiye ngakhale malemu sankawadziwa. Ankawadziwa ndi makutu basi.

Mu Januwale 2024 mphunzitsiyu anandiuza kuti, malume, nyimbo zakale zambiri zili pa intaneti, tiyeni tiziyesa imodzi imodzi. Malemu anavomera kuti ndizibwera, koma nkhope inali isanamasuke. Ndinkafika 3 koloko ndi foni ndi kasipika, n'kukhala pampando wouma wa kukhitchini, chifukwa wofewa uja anandiletsa. Nyimbo ikangoyamba ankapukusa mutu. Ine ndikati ndizimitse, ankati, “Iwe Wamisomali, anthuwa anavutika, amalize.” Ndiye tinkakhala mpaka kumapeto, kenako ankandifunsa zimene ndamva. Poyamba ndinkati ndamva mavayolini. Ankati, “Zimenezo ngakhale mphaka wamva.”

Pang'ono ndi pang'ono anandiphunzitsa. Anandisonyeza kuti pali mavayolini awiri a mawu aang'ono, ina yapakati, ndi chelo, chachikulu chija chokhala pakati pa maondo chimene chimalankhula ngati mwamuna wotopa. Anandiuza kuti ndisamathamangire wokweza mawu, ndizitsata amene akuyankha pansi. Gulu lina ankati likuimba mwaukhondo ngati anthu oopa bwana. Lina ankati likulira mokokomeza kuti lionedwe. Masiku ena, akatopa ndi kusaka, ankati tiike simfoni, ndipo ng'oma zikagunda ankamenya matiresi ndi chikhato, maso akuwala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika mu Meyi tinali titamva magulu 23, ndipo ine tulo tinali titandithera. Koma chimbale chawo sitinachipeze, ndipo mawu oti ndakukhululukira anali asanatuluke.

Mwezi womwewo mtima wawo unayamba kufooka, miyendo n'kutupa. Adokotala anatiuza zoona, kuti masiku atsala ochepa, ndipo malemu anasankha kukhala kunyumba. Mantha anga anali amodzi, akuti apita ndisanawabwezere chimene ndinawalanda.

Pa 14 Juni mphunzitsiyu anapeza nyimbo ija yojambulidwa kalekale mu holo, anthu akumveka kukhosomola. Tonse tinati ndi imeneyi. Ana onse atatu anabwera, ndipo tinazungulira bedi masana dzuwa likulowa pawindo. Nyimbo itayenda pang'ono, malemu anatsegula maso, anandiyang'ana, nati, “Ndi yomweyo. Wapeza, mlongo wanga.” Ana anayamba kulira ndi chimwemwe. Ine ndikanangoti zikomo Ambuye n'kutha nazo, koma m'makutu mwanga munakana. Ndinati, “Ayi achemwali, si imeneyi. M'yathu ija wa chelo amachedwa kulowa, ngati munthu amene waima pakhomo ndi uthenga woipa. Uyu walowa mothamanga.” Mwana wawo wamkulu ananditsina pamkono kuti ndikhale chete. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndikuidziwa. Kani zaka zonse ndinkagona pampando paja, makutu ankagwira ntchito.

Malemu anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, tinachita kuwadzutsa ndi kuwapatsa madzi. Atapuma anati, “Ndimafuna ndikumasule ndi bodza, koma wandigwira. Zaka zonsezi ndimafuna munthu mmodzi m'banja muno woti tizimva naye. Khala pansi, timalize.” Anandigwira dzanja, ndipo sanalisiye mpaka nyimbo inatha. Ndikunena pamaso panu mosakayika kuti mlandu wanga unatha tsiku limenelo.

Anamwalira Lolemba pa 17 Juni 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali pabedi lawo, ana awo ali pambali. Anali ndi zaka 75.

Malemu asiya ana atatu: wamkulu, woyendetsa galimoto za katundu, wachiwiri, mphunzitsi amene wawasamalira mpaka mapeto, ndi wotsiriza, namwino. Asiyanso zidzukulu zisanu ndi zitatu, chidzukulutudzi chimodzi, mng'ono wawo mmodzi amene wakhala apoyo, ndi ine mlongo wawo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza adokotala ndi anamwino amene anawathandiza, makamaka mayi amene ankabwera kunyumba kudzawaphunzitsa kuyendanso. Ndikuthokoza amayi atatu otsala a pa bolodi, amene abwera lero ndi ndodo zawo. Ndikuthokoza oyandikana nawo nyumba, amene anapirira masimfoni kudzera pakhoma zaka zonsezi osadandaula. Ndikuthokozanso bambo wa ngolo, amene anayenda nane m'misika masiku anayi ngakhale cholakwa sichinali chake, ndipo ndamuona waima kumbuyo uko. Nonse amene mwatigwira mkono m'njira zosiyanasiyana, Mulungu akudalitseni.

Chimbale chija sitinachipeze, ndipo chili m'nyumba ya munthu wina. Ngati munthuyo ali pano, kapena mukumudziwa, mumuuze kuti banja silikuchifunanso. Tikungopempha kuti asachipachike pakhoma ngati chokongoletsa. Achiike pa galamafoni, akhale pansi, ndipo asachichotse chisanathe.

Achemwali, mzimu wanu uuse mumtendere. Lamlungu 3 koloko ndidzakhala pabalaza panu, ndipo sindidzagona.