Aphunzitsi a Zisudzo ndi Mwana wa Kuseri kwa Katani

Malemu amene atisonkhanitsa panowa anabadwa pa 9 Malichi 1952, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndaimirirane ndine mng'ono wawo wopondana nawo. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi monga inalili, osabisa kanthu. Ambiri mwaona kuti ngakhale tikulira, mitima yathu ili m'malo, ndipo chifukwa chake chilipo. Kwa zaka zambiri tinkaopa kuti achimwene adzalowa m'manda asanamvane ndi mwana wawo wachisamba, amene wakhala pafupi ndi bokosiyu. Mmene mantha amenewo anathera mumva m'mbiri yomweyi.

Anayamba sukulu mu 1959. Anali mwana wa mawu aakulu, moti mayi athu ankati achimwene akanong'ona m'nyumba, aneba ankayankha. Mu 1973 anamaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo pa 20 Ogasiti 1977 anakwatira alamu angawa, omwe ankagwira ntchito yosoka. Mulungu anawapatsa ana atatu: wamkazi mu 1979, kenako anyamata awiri.

Mu 1986 anawasamutsira ku sekondale imene kale inali ya atsikana okhaokha, ndipo inali itangoyamba kulandira anyamata. Kumeneko anawapatsa gulu la zisudzo. Tsiku loyamba m'holo munalowa atsikana oposa makumi atatu ndi anyamata atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo anangobwera pothawa kusesa. Atatsegula kabati ya mabuku a masewero anapeza mafumu, asilikali, oweruza ndi zidakwa. Mbali za akazi zinali zowerengeka: mayi wolira, mtsikana wofuna kukwatiwa, ndi wantchito wobweretsa madzi n'kutuluka.

Kusankha sewero kunkawadyera tchuthi chonse. Ankayala mabuku pa tebulo lodyera, alamu n'kumadandaula kuti mbale aziika pati. Buku lililonse ankalitsegula pa tsamba la otenga mbali n'kuwerenga akazi ndi chala, ndipo akachepa, bukulo linkapita pansi. Chaka choyamba anayesa kumata atsikana ndevu za thonje, koma ndevu za mfumu zinagwera m'kapu mfumuyo ili mkati mopereka chigamulo, holo yonse n'kufa nako kuseka. Kuyambira pamenepo anasintha njira. Woweruza ankamusandutsa mayi, dokotala chimodzimodzi. Mayi mmodzi wa m'buku ankamugawa pawiri kuti akhale munthu ndi mng'ono wake. Amuna amene akanika kusinthika ankawatumiza pa ulendo, apo ayi ankawapha sewero lisanayambe. Alipo bambo ena, ndawaona kumbuyoko, amene anagona pa nsanja ngati mtembo zaka zitatu zotsatizana. Ana asukulu ankawatchula achimwene kuti a Yambaninso, chifukwa ndiwo mawu amene ankamveka kwambiri m'holomo.

Ngakhale ankayesetsa choncho, mbali zabwino sizinkakwanira. Makolo ankafika mpaka pakhomo kudzafunsa chifukwa chimene mwana wawo wapatsidwa mawu awiri okha. Mu 1990 kholo lina linawanena pa msonkhano kuti amakondera ana a aphunzitsi anzawo. Mawuwo anawalasa mtima, ndipo analumbira kuti palibe amene adzawalozenso chala pa nkhani ya kukondera.

Lumbirolo linagwera mwana wawo yemwe, wamkazi uja. Analowa sukulu yomweyo mu 1993, ndipo luso anali nalo, izi sitikumukometsera. Ife kunyumba tinkasiya kudya akayamba kutengera mayankhulidwe a azakhali ake. Chaka chilichonse ankayesedwa pamodzi ndi anzake, aliyense n'kuona kuti waposa onse, koma bambo ake ankamuuza kuti adikire chaka chamawa poti atsikana achuluka. Ntchito imene ankamupatsa inali yokhala pa kampando kuseri kwa katani, kumanong'oneza mawu kwa amene waiwala. Posakhalitsa anasiya kutenga mapepala chifukwa masewero onse anali m'mutu, ndipo anzake anamupatsa dzina loti Manong'onong'o. Mu 1996, chaka chake chomaliza, achimwene anasankha sewero la mayi wamasiye wokana kutuluka m'nyumba yake. Mwanayo anakhulupirira kuti ulendo uno asankhira iyeyo. Mbaliyo anapatsa wina.

Sanalire, sanakangane ndi munthu. Anakhala pa kampando kake mpaka sewero kutha, ndipo atalemba mayeso ananyamula chikwama kupita kwa azakhali ake. Kenako anapeza ntchito kutali, m'sitolo ya mankhwala. Pa maukwati ndi pa maliro sankasowa, koma ndi bambo ake unali moni basi. Tinayesa kuwakhazika pansi kangapo konse. Achimwene anali munthu wabwino, koma ndinene poyera kuti anali ouma mutu. Ankati sanalakwe, anangochita chilungamo. Mwana naye mutu ndi wa bambo ake, choncho nkhani inkathera pomwepo.

Achimwene anapuma pa ntchito mu 2012. Mu 2021 anayamba kuiwalaiwala. Poyamba anali magalasi ndi makiyi, kenako mayina a adzukulu, pomaliza ife tomwe. Chimene chinatsala m'mutu mwawo ndi masewero. Ankakhala pa mpando wa pa windo n'kumanena mawu a sewero, ndipo akafika pamene aiwala ankamenya tebulo, kukana chakudya, nthawi zina mpaka kulira ngati mwana. Anyamata awo anapita ku sukulu kuja kukabwereka mabuku, koma sanathandize. Zimene achimwene ankanena sizinali m'buku lililonse, popeza anali atazisintha okha kuti zikwanire atsikana awo. Apa mantha athu anakula, chifukwa munthu amene sakumudziwanso mwana wake angamupepese bwanji?

Mu Juni chaka chino alamu anamuimbira foni mwanayo. Anamuuza mosapita m'mbali kuti bambo ake akuzunzika, ndipo amene watsala ndi mawu amenewo pa dziko lino ndi iye yekha. Mwanayo anafika Loweruka masana. Bambo ake anamuyang'ana ngati mlendo, iye n'kubwerera kukaima kuseri kwa chitseko, chikwama chili m'manja. Achimwene anayamba kunena mawu a mayi wamasiye uja. Atafika pakati anakakamira, dzanja n'kukwera m'mwamba kuti limenye tebulo. Kuseri kwa chitseko kunamveka kunong'ona. Dzanja linatsika, ndipo anapitiriza. Anakakamiranso, kunong'ona kunamvekanso. Pofika chakumapeto mwana wathu anali atasiya kunong'ona, akunena yekha mbali yonseyo mokweza, achimwene ali phee kumvetsera.

Ine ndinali m'chipindamo, ndipo zimene ndinene ndinazimva ndekha. Achimwene anatembenukira kwa ine, poyesa kuti ndine mphunzitsi mnzawo, nati, "Kodi mtsikana ameneyu ndi wa ndani? Wamubisa kuseriko ndani? Amene wachita zimenezi walakwa kwambiri. Mbali ya mayi wamasiye ndi yake, musandiuzenso za wina."

Mwana wathu anasiya chikwama pansi, anadzagwada pa mapazi awo, nati, "Zikomo aphunzitsi, ndailandira."

Anamfedwa anzanga, tsiku limenelo tinalira tonse, koma kunali kulira kwa anthu amene atula katundu. Mwanayo anapempha tchuthi ku ntchito n'kukhala nawo mpaka mapeto. Tebulo silinamenyedwenso, ndipo anayambiranso kudya. Sanamuzindikire kuti ndi mwana wawo, koma m'mawa uliwonse ankafunsa ngati mtsikana wa luso uja wafika. Anatisiya mwakachetechete m'mawa wa pa 3 Sepitembala 2024, mwanayo atawagwira dzanja.

Malemu asiya mkazi wawo, ana atatu, adzukulu asanu ndi awiri, ndi ife abale awo atatu. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, aneba amene anapirira phokoso la tebulo osadandaula, ndi inu amayi amene munadutsa m'manja mwawo ndipo mwadzaza mabenchiwa. Alamu, zikomo chifukwa cha foni ija, ife amuna tinali titatopa nayo nkhaniyi koma inu simunatope.

Achimwene, mawu amene tinkaopa kuti mupita nawo kumanda munawanena, ndipo mwini wake anawamva ndi makutu ake. Palibe chimene chatsala. Mzimu wanu uuse mu mtendere.