Nsalu Zonyowa pa Mutu wa Tadala

Abale, ndine Gelesomu wa ku Nsaru. Ndinali wakabaza wa njinga yamoto, komanso chidakwa. Musandimvere chisoni. Ine ndikamukumbukira Gelesomu wakale ameneyo mtima umawira.

Tsiku lina lamsika ndinayamba kachasu m'mawa. Masana ndinakumana ndi mwana wanga Tadala, wa zaka zisanu ndi ziwiri, akuweruka kusukulu. Anakana kukwera njinga. Anati, "Ababa, mukununkha mowa." Ndinamukalipira mpaka anakwera akulira.

Tinagwa pamlatho. Ine ndinangosupuka chigongono. Iye anamenyetsa mutu pamwala n'kukomoka.

Achipatala chakwathu anatitumiza kuchipatala chachikulu mumzinda. Tsiku lachiwiri, asanatsitsimuke, thupi lake linatentha koopsa. Anamwino anamuvula, n'kumuika nsalu zonyowa pamutu, m'khosi ndi m'khwapa, fani ikumupemerera. Mwezi wa Juni, kuzizira konse kuja! Ndinapsa mtima. Anamwinowo atangotembenuka ndinachotsa nsaluzo n'kumufunditsa bulangete.

Namwino wina wachikulire anandipeza, n'kundilanda bulangetelo.

"Bambo, ubongo wa mwanayu wavulala. Ukatenthanso uwonongekeratu. Tikuuziziritsa kuti tiuteteze. Kodi mukufuna kumumaliza?"

"Mwana ndi wanga!" ndinakuwa.

Mkazi wanga Nabanda anali asanandiyankhule chichitikire ngozi. Anaimirira. "Wanu eti? Munamugwetsa ndinu. Tulukani."

Kuseri kwa wodi ndinakalipira Mulungu. Bwanji simunaswe mutu wangawu? Ndinatukwana mowa. Ndinatukwana anzanga akumowa, amene ngakhale mmodzi sanabwere kudzazonda mwana. Mawu atandithera ndinaona kuti wolakwa palibenso wina. Ndinagwada pafumbi. "Yesu, ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga kawiri. Ndikhululukireni."

Ndinabwerera kwa namwino uja n'kupepesa. Anandipatsa beseni. Masiku atatu ndinkaviika nsalu, kufinya, kuika pamphumi, mpaka kutentha kunatsika ndipo Tadala anatsegula maso.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha bwino. Tadala amakoka mwendo wamanzere, ndipo amayankhula pang'onopang'ono. Mpira wamanja umene ankaukonda samasewera. Anachita zimenezo si mfiti. Ndine. N'chifukwa chake mowa sindinangousiya, ndimadana nawo.

Koma mwana ali moyo, ndipo Nabanda anandikhululukira. Ambuye Yesu alemekezeke, amene sananditaye.

Abambo anzanga, ena mwakhala muno botolo likukudikirani pamsika. Ndikukudziwani. Musadikire kuti mwana wanu agonekedwe pabedi lija. Dzukani, bwerani kutsogolo kuno tipemphere.