Juzi Imene Ndinaponyera Mlonda

Olemekezeka bambo Wapampando wa bodi ya chipatala chino, amene lero mwafika pa nthawi yake ndipo tonse tadabwa. Olemekezeka mkulu wa madokotala. Olemekezeka a Khansala a dera lino, pamodzi ndi wokunyamulirani chikwama. Olemekezeka nthumwi ya kampani imene yatipatsa wulu wolukira. Anamwino, a mafizo, okolopa ndi okankha njinga za odwala, inu amene pa pulogalamu mwalembedwa kuti "ndi ena otero". Atolankhani, amene ndikudziwa kuti mupirira nane mpaka chakudya chifike. Odwala anzanga, akale ndi atsopano. Ndiponso mayi a kunyumba kwanga, amene akhala kutsogoloku atapinda manja ngati woweruza milandu. Landirani moni nonse, aliyense molingana ndi kukula kwa mpando wake.

Ndithokoze komiti pondisankha kukhala mlendo wolemekezeka pa mwambo wotsegulira chipinda cholukiramo anthu amene anadwala sitiroko. Anandisankha Lachitatu, atamva kuti amene ankamufuna wapita ku msonkhano wofunika kuposa ife. Mukayang'ana pulogalamu yanu poyera dzuwa, muona kuti dzina langa analimata pamwamba pa dzina lina. Sindikudandaula. Ndinagwira ntchito ya magalimoto zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti tayala lapadera limakumbukiridwa tsiku limene lenileni laphulika, komabe ndi lomwelo limafikitsa anthu kwawo.

Komiti inandilemberanso mawu oti ndiwerenge. Chiganizo choyamba chikuti, "Kuluka ndi luso lotukula amayi athu." Ndawerenga pamenepo n'kupinda pepalalo, chifukwa amene analemba sanalowepo m'wodi yathu. Theka la anthu amene adzaluke m'chipinda ichi ndi abambo a ndevu zawo, ndipo mmodzi wa iwo waima pamaso panu.

Zaka pafupifupi makumi atatu zapitazo ndinali mkulu woyang'anira malole pa kampani ina yonyamula katundu. Ndinali ndi ofesi ya kapeti, belu loitanira anthu, ndi mimba imene inkafika pa msonkhano ine ndisanafike. Mayi a kunyumbawa ankagulitsa mu sitolo ya mankhwala, ndipo ankaluka m'basi, popita ndi pobwera, ali ndi pakati pa mwana wathu wachitatu. Tsiku lina m'mawa wozizira anandipatsa juzi yotuwa, ya mizere yopotana pachifuwa ngati zingwe. Inandikwana ngati ndinabadwa nayo.

Ndinapita nayo ku ntchito. Ndisanakhale n'komwe, mkulu mnzanga wa zamalonda anasuzumira pakhomo, nandiyang'ana kuyambira kukhosi mpaka m'chiuno.

"Achimwene," anatero, "kodi zinthu zafika poipa chonchi? Mwayamba kuvala zoluka kunyumba ngati khanda?"

Anthu awiri atatu anaseka. Ine, bwana wa malole makumi anayi, ndinakaivulira m'chimbudzi. Poweruka ndinatsitsa galasi la galimoto pageti n'kuiponyera mlonda. Sindinaime n'komwe. Ndinangomva "zikomo bwana" kumbuyo, mu fumbi.

Patapita masiku atatu ndinaiwala makiyi a ofesi kunyumba, ndipo mayiwa anandibweretsera. Amene anawatsegulira geti anali mlonda uja, juzi ili pathupi, sawasha ali pamphumi.

"Yakukhalani bwino, bambo," anatero mayiwa.

"Ndi abwana, mayi. Akuti inawathina."

Atabwera kunyumba sananene kanthu. Sanalire, sanaswe mbale, sanapite kwa makolo awo. Anangosiya kundilukira. Ana onse anavala zoluka, ana a oyandikana nawo anavala zoluka, ngakhale ketulo ya tiyi inalandira chipewa chake, koma ine ayi, ngakhale sokosi imodzi, kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Ine ndinkati nkhani inatha. Abambo amene muli muno, mkazi akakhala chete musamati mwawina. Mlandu suwola.

Bambo Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi. Pirirani pang'ono. Ife tinadikira chipinda chino zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mwala wa maziko munauika katatu, ulendo uliwonse ndi tenti yake.

Nditapuma pa ntchito, m'mawa wina ndikumeta ndevu, lumo linagwa m'manja mwanga. Ndinati ndilitole, dzanja silinandimvere. Ndinati ndiitane mayiwa, pakamwa panatuluka phokoso limene sindinalizindikire. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndinadzuka ndili m'chipatala muno, mbali yonse ya kumanja ili ngati ya munthu wina.

Sabata yoyamba anzanga a ku ntchito anabwera ndi mabotolo a zakumwa. Anamwa okha, uku akundiwerengera anthu amene anamwalira ndi matenda omwewo. Sabata yachiwiri anaimba foni. Yachitatu, zii. Mkulu wa zamalonda uja anatuma uthenga woti amandiika m'mapemphero, ndipo ndikukhulupirira kuti ndikadali momwemo, chifukwa sanabwere kudzanditulutsa. Munthu mmodzi yekha wa ku ntchito ndiye anapitiriza kubwera, Loweruka lililonse, wapansi: mlonda uja, atakalamba, naye atapuma ntchito. Ankakhala pambali panga n'kumandiwerengera nyuzipepala, kuyambira ndale mpaka mpira. Ndipo ankabwera atavala juzi yotuwa ija, zigongono zili zigamba zokhazokha. Ine ndinkaiona, mayiwa ankaiona, ndipo tonse tinkayang'ana kudenga.

M'chipatala muno muli mayi wa mafizo amene odwala tinamupatsa dzina loti Mayi Pindani, chifukwa mawu ake ndi awiri okha: pindani, tambasulani. Ali apo akubisala kumbuyo kwa anamwino. Anandipatsa kampira koti ndizifinya. Ndinafinya mwezi wathunthu, kampira kosamva kanthu, mpaka ndinakaponya pansi pa bedi. Nditatuluka ndinakana kubweranso ku mafizo. Ndinkakhala pa mpando kuyang'ana khoma, kudikira kuti andidyetse, andiveke, andimange mabatani. Ndinali nditasiya kufuna kuchira, ndipo ichi ndi chinthu chimene wodwala sauza dokotala.

Mayi Pindani anabwera okha kunyumba. Anagwira zala zanga, zitayamba kale kupindika ngati phazi la nkhuku yophika.

"Bambo," anatero, "zala izi zikakhala chonchi miyezi ina itatu, ziuma mpaka kalekale. Zikufuna ntchito yaing'ono, yobwerezabwereza, yotopetsa." Kenako anaona dengu la wulu pakona. "Mayi, mumaluka?"

Ndinaona mkazi wanga akumwetulira, ndipo kumwetulira kwake sikunandisangalatse.

"Ine ndiluke?" ndinatero, lilime likulemera. "Munthu amene ndinkalamula malole makumi anayi?"

"Lamulani kaye chala chanu chachikulu, bambo," anatero mayi a kunyumba. "Chikamvera, tikambirana za malole."

Anandipatsa singano ziwiri zazikulu ngati mapensulo, nandiika pa sikafu, chifukwa akuti sikafu ngakhale chitsiru chimatha. Kulowetsa singano pa kamfundo kamodzi kunkanditengera nthawi imene munthu amamwera kapu ya tiyi. Thukuta kuti chonchi. Ndinayamba ndi timfundo makumi awiri pa singano, ndipo pofika Lachisanu tinali makumi anayi ndi tisanu ndi tiwiri, osadziwa kumene tina tachokera. Chinthucho chinali chopapatiza uku, chotambalala uko, ndi mabowo oti mphaka n'kudutsa osagunda ndevu.

Mayiwa anachikweza m'mwamba, nandiyang'ana kudzera pa bowo limodzi.

"Masulani," anatero.

Ndinamasula. Ndinalukanso. "Masulani." Kasanu ndi kanayi, olemekezeka. Wulu unachita kupotana ngati tsitsi la munthu wodzuka kumene. Ulendo wachisanu ndi chinayi ndinaponya singano kukhoma ndipo ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, mdzukulu wanga akanandiona akanandipatsa switi.

"Mukundilanga, eti?" ndinafunsa.

Anatola singano zija, nazipukuta, nazibwezera m'manja mwanga.

"Ndikanafuna kukulangani," anatero, "ndikanakusiyani muziluka zolakwikazo, ine n'kumaombera m'manja, monga ankachitira anthu anu ku ntchito."

A Khansala, mawu amenewo ndakubwerekani. Mukawagwiritse ntchito.

Sikafu yachikhumi inatha bwinobwino. Tsiku limenelo ndinalimba mtima n'kufunsa funso limene ndinayenera kufunsa kalekale: kodi juzi ija inatenga nthawi yaitali bwanji?

"Miyezi inayi," anatero, osakweza mutu. "Pamimba ndinaluka kawiri, chifukwa munanenepa ndili pakati."

Apo ndinaganiza zowalukira juzi yawo. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wathu woyamba, ndiye anandigulira wulu wobiriwira n'kumandiwerengera malangizo, chifukwa olemba malangizo a zoluka amalemba ngati madokotala, kuti wamba asamve. Ndinaluka miyezi khumi ndi umodzi. Ndinaluka pa khonde, pa mzere wa ku chipatala, ngakhale m'basi, anyamata akundijambula ndi mafoni. Mkono umodzi unatalika kuposa unzake ndi chikhatho chathunthu, koma inali juzi, ya khosi lake ndi mabowo atatu ena onse pa malo ake.

Ndinaipereka kwa mayiwa Lachinayi. Anaitembenuza kunja n'kukati, anakoka msoko uliwonse, nati, "Mwayesetsa, bambo." Anaipinda bwinobwino n'kupita nayo kuchipinda.

Loweruka mlonda uja anabwera monga mwa masiku onse. Tinawerenga nyuzipepala, tinamwa tiyi, mayiwa anamuitanira kukhitchini. Potuluka kudzatsanzika, anali atavala juzi yobiriwira, mkono umodzi ataupinda kawiri.

"Bwana," anatero, nkhope ili gwa, "mayi akuti inawathina."

Musaseke kwambiri, ali pomwepo kumbuyo pafupi ndi zenera, ndipo waivala. Imani pang'ono, achimwene, anthu aone ntchito ya manja anga. Zikomo, khalani.

Tsiku limenelo mlondayo atangotseka geti, ndinafunsa mayiwa kuti chimenechi n'chiyani.

"Yake ija inatha," anatero mayiwa. "Ndipo mwa amuna onse amene amalowa m'nyumba muno, amene anaonetsa kuti amadziwa kusunga choluka ndi iyeyo."

Ndinapsa mtima moti ndinamenya tebulo, makapu n'kudumpha, supuni n'kugwa pansi. Mayiwa sanadzidzimuke. Anangoyang'ana nkhonya yanga pa tebulopo. Inali ya kumanja.

"Onani," anatero. "Dzanja lachira."

Ndinayang'anitsitsa dzanja limenelo. Kenako ndinanena mawu amene anachedwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu: "Ndinakulakwirani, mayi. Pepani." Ndinkayembekezera misozi, mwina ndi kukumbatirana monga zimakhalira pa kanema. Iwo anatola supuni ija, nati, "Ndamva. Ine mapazi ndiwo amandizizira." Kuyambira pamenepo ndimaluka masokosi, ndipo chidendene cha sokosi, ndikuuzeni, n'chovuta kuposa kubweza lole ya ngolo ziwiri pa geti yopapatiza. Amenewo amavala. Atolankhani, musawajambule kumapazi.

Tsopano ndilankhule ndi a mipando ya kutsogolo. Chipinda mwamanga, ndipo tikuthokoza. Chikwangwani cha mayina anu ndi chachikulu kuposa zenera, ndiye ngakhale a maso ofooka adziwa woyenera kumuthokoza. Koma m'mawa uno ndinayesa kulowetsa njinga ya wodwala pa khomo lake, ndipo inakana ndi zala zinayi. Chipinda cha anthu ofa ziwalo, khomo lake la anthu othamanga. Amisiri akuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ndikupempha kuti ichitike popanda tenti. Kwa a kampani, wulu mwapereka wochuluka, ndipo wonse ndi wachikasu, mtundu wa chizindikiro chanu. Tiluka, sitikana. Kungoti nyengo yozizira ikubwerayi, anthu akaona gulu la nkhalamba zachikasu pa msewu asaganize kuti mwatilemba ntchito.

Kwa inu odwala anzanga, amene ena mwabwera pa njinga, ena ndi ndodo, ena dzanja lili m'thumba kuti anthu asalione: sindikunamizani. Kuluka si mankhwala a aliyense, ndipo si dzanja lililonse limene limabwerera monga linalili. Langali mpaka lero silimva bwino kutentha, ndipo kalata ndikalemba amawerenga ndi Mayi Pindani okha. Mudzagwetsa singano, mudzatukwana wulu, ndipo wina adzakuuzani kuti masulani. Amene akukuuzani choncho musamude, chifukwa ndiye amene sanakutayeni. Bwerani Lolemba. Ine ndidzakhala pa mpando wa pakona, ndipo abambo amene mukuchita manyazi mudzakhale pafupi ndi ine, manyazi anga ndinawamaliza onse.

Ndaona wotsogolera mwambo wabwera ndi sizasi pa mbale, ndipo akufuna kundigwirira dzanja. Ayi, mwana wanga, ingondipatsani. Kumanja kuno. Zitenga kanthawi, ndipo riboni mwina siduka mowongoka, koma amene ali ndi changu ayang'ane kumbali.

Ndi ulemu wonse, m'dzina la onse amene adzaluke, kumasula ndi kulukanso m'chipinda chino, ndikulengeza kuti chatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.